Kabuku ka Nambala 17

Johannesburg
14 Januwale 2024

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi mng'ono wanga Tiwale. Ine kuno ndili bwino, kungoti sukulu yandigwira pakhosi. Ndasankha kulemba kalata chifukwa pa foni ndimakudziwani. Mumangoti "tili bwino, tili bwino, mayunitsi akuthera," kenako mwadula, chonsecho woimba ndine.

M'katoni imene Mayi Ruqayyah akupatseniyi muli timabuku makumi atatu. Mayiwa amabwera kuno kawiri pamwezi kudzapikula nsalu, ndipo avomera kumatinyamulira makalata. Akuti poti ndinu aneba awo, palibe chovuta.

Nkhani yake ndi iyi. Digiri yachiwiriyi sangandipatse popanda kafukufuku. Ine ndasankha kuyeza mmene ulendo wa tsiku ndi tsiku wopita ku ntchito umakhudzira moyo wa munthu. Kuno anafunsa kale anthu okwera sitima ndi oyendetsa magalimoto awoawo. Koma munthu wa ku Area 23, wokwera minibasi ziwiri m'mawa ndi ziwiri madzulo, palibe amene anamufunsapo kuti akamafika amakhala ali bwanji.

Mundipezere anthu makumi atatu a m'dera lathu ogwira ntchito kutali. Alembe kwa masabata khumi ndi awiri, kuyambira Lolemba pa 5 Febuluwale mpaka Lachisanu pa 26 Epulo. Pachikuto alembe kamodzi kokha mmene amafikira pa siteji, kaya wapansi kaya pa kabaza. Ndiye tsiku lililonse la ntchito azilemba nthawi zinayi: yotuluka m'nyumba, yofika pa siteji, yokwera minibasi ndi yofika ku ntchito. Pansi pa tsamba pali nkhope zisanu, kuyambira yolira mpaka yomwetulira. Akafika ku ntchito azichonga imodzi, yofanana ndi mmene akumvera m'thupi ndi mumtima.

Mayina sakufunika. Aliyense mumupatse nambala, ndipo ngakhale ine musandiuze kuti nambala yakuti ndi ya yani. Ndi lamulo la sukulu. Wachibale saloledwa kulemba nawo, choncho inu ndi Tiwale muli kunja. Chinanso, chonde Bambo, asamalumphe masiku. Kabuku kokhala ndi mipata ndidzakataya, ndipo timabuku tikachepera makumi atatu aphunzitsi anga adzakana kafukufuku yense. Zikatero ndiye kuti zaka ziwiri zalowa m'madzi.

Timabukuto tizikhala kwanuko. Inu muzingokopera manambala pa mapepala n'kumanditumizira. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri mwakhala mukulemba nthawi pa geti ku Kanengo, ntchito imeneyi palibe angakuposeni.

Denga la kukhitchini lija munakonza? Nanga kumanda kwa Amayi munapitako pa Khirisimasi? Mundiuze zonse, osati "tili bwino" wanu uja.

Mwana wanu,
Mirriam


Area 23, Lilongwe
11 Febuluwale 2024

Wokondedwa mwana wanga Mirriam,

Landira moni wochokera kuno kwanu. Kalata yako ndinalandira pamodzi ndi katoni. Kuno tili bwino. Usakwiye, ndi mmene tililidi.

Anthu ako makumi atatu akwana, koma ndakhetsa thukuta. Ambiri ankaganiza kuti ndi kalembera wa makuponi a feteleza. Wina anafunsa ngati akamaliza kulemba boma litibweretsera mabasi aakulu. Ndinamuyankha kuti mwana wanga si boma, ndi wa sukulu. Anati, "Ndiye tikuvutikiranji?" Komabe kabuku anatenga. Mayi wina anandifunsa kuti achonge nkhope iti tsiku limene kondakitala wamukhalira pa bondo kuchokera ku depoti mpaka ku Kanengo. Ndinati mayi, nkhope ndi zanu, sankhani nokha.

Lamlungu lapitalo ndinawasonkhanitsa pansi pa mtengo wathu wa mango uja, ndipo aliyense ndinamukonzera nthawi ya pa foni kuti ifanane ndi wotchi yanga. Ya munthu mmodzi inali patsogolo ndi mphindi zisanu ndi ziwiri. Akuti anachita dala kuti asamachedwe. Ndinaibweza iye akuona. Nkhope angachonge imene akufuna, ine sindingalowe mumtima mwa munthu. Koma pa nthawi sindilola bodza, umandidziwa.

Mapepala a sabata yoyamba ndaika m'envelopu muno. Uona wekha kuti ena akutha nthawi yaitali ataima pa siteji kuposa imene akutha ali m'minibasi. Kukangochita mitambo minibasi zimasowa. Ikatulukira imodzi anthu amalimbirana pakhomo, ndipo amalowa ndi wa mapewa. Ife a imvi timadikira yachitatu.

Denga ndinakonza mbali imodzi. Mbali inayo ndidzakwerako mvula ikatha, makwerero masiku ano atalika. Kumanda ndinapita ndekha ndipo ndinalambulako. Tiwale ali ku Area 25 komwe kuja, ku saluni. Amabwera Lamlungu akapeza mpata. Sindimuimba mlandu. Kuchoka kumeneko kufika kuno ndi minibasi ziwiri, ndipo tsiku lake lochapa ndi lomwelo.

Limbikira sukulu. Amayi ako ankati iwe udzavala chipewa cha ngodya zinayi kawiri. Choyamba anachiona, chachiwirichi ndidzawaonera ine.

Ine bambo ako,
Amosi Nkhoma


Area 23, Lilongwe
25 Febuluwale 2024

Akulu anga a Medson,

Ndikupereka moni kwa inu, alamu ndi onse ku Ntchisi. Mbewu zikuoneka bwanji chaka chino? Kalatayi ndapatsira dalaivala wa ku ntchito kwathu amene akubweretsa katundu kumeneko, chifukwa pali nkhani zina zimene pa foni sizituluka.

Mirriam wandipatsa ntchito ya sukulu yake. Anthu makumi atatu akulemba m'timabuku nthawi ya ulendo wawo wa ku ntchito ndi mmene akumvera akafika. Pa ntchito imeneyi ndalakwa chinthu chimodzi, ndipo ndikufuna wina adziwe. Tsiku loti mawa tiyamba, mmodzi mwa anthuwo, Alexander wa kuseri kwa tchalitchi, anabweza kabuku. Ntchito yamuthera ndipo akubwerera kwawo ku Dedza. Ndinazungulira nyumba zisanu ndi imodzi kufuna wina, onse anakana. Mwana ananena kuti akachepera makumi atatu sukulu yake yagwa. Ananenanso kuti wachibale asalembe. Ndinakhala pakhonde kabukuko kali m'manja mpaka dzuwa kupendeka, kenako ndinatenga cholembera. Nambala 17 ndine. Iye sangadziwe, poti manambala a anthu onse ndimakopera ndi dzanja langa.

Chachiwiri ndi thupi langali. Kuyambira pa Khirisimasi ndikumabanika ndikayenda pang'ono. Miyendo yatupa moti nsapato za ku ntchito ndazing'amba kuchidendene. Kuchoka pakhomo panga kufika pa siteji ndi mphindi khumi, ndayendapo zaka zonsezi. Sabata yathayi ndalemba mphindi makumi awiri. Ndimaima kawiri panjira, n'kumawerama ngati ndikumanga chingwe cha nsapato.

Loweruka ndinapita ku kiliniki. Adokotala anandidina mwendo ndi chala, ndipo panatsala kadzenje. Anati ndi mtima, ndipite ku chipatala chachikulu akandiunike, ndipo mwina akandigoneka. Anandipatsa kalata, ili m'Baibulo. Koma taganizani, akulu. Akandigoneka masabata awiri, kabuku kakhala ndi mpata, mwana adzakataya, ndipo atsala ndi makumi awiri ndi asanu ndi anayi. Ndiye ndaganiza zopita pa 27 Epulo, kabuku katadzaza. Ndi miyezi iwiri yokha. Mtima umene wandisunga zaka 59 sungalephere miyezi iwiri.

Wa kabaza wina amandiuza kuti ndizikwera ulere mpaka pa siteji. Ndimakana. Pachikuto ndinalemba kuti wapansi, ndipo sindingalembe china n'kumachita china.

Pa nkhope zija ndimachonga yomwetulira. Mwina muti ndi bodza. Koma ndikafika pa geti n'kukhala pa mpando wanga, ndimaganiza kuti tsiku lina la mwana wanga lakwana, ndipo ndimasangalaladi.

Atsikanawa musawauze. Ndakuuzani inu chifukwa ndili ndi mantha, ndipo m'nyumba muno mulibe wina womuuza.

Mng'ono wanu,
Amosi


Johannesburg
7 Malichi 2024

Okondedwa Bambo,

Moni kwa inu ndi Tiwale. Mapepala a masabata anayi ndalandira. Aphunzitsi anga atawaona anafunsa ngati analembedwa ndi makina. Ndinawauza kuti ayi, ndi dzanja la bambo anga, ndipo tsiku lonselo ndinayenda mapewa ali m'mwamba.

Zimene zikutuluka zikundipweteka mtima ngakhale ndinakulira komweko. Munthu wa ku Area 23 akutha pafupifupi maola awiri kuti afike ku ntchito. Kuphatikiza ndi kubwerera, ndi maola anayi pa tsiku. Pa sabata ndi maola makumi awiri munthu ali panjira. Ndaonanso kuti chimene chikuliza anthu kwambiri ndi kudikira osadziwa kuti minibasi ibwera liti. Amene waima pa siteji kupitirira theka la ola amachonga nkhope yolira kapena yoyandikana nayo. Ndakumbukira Amayi akufika madzulo, kukhala pa mkeka osavula nsapato, ife n'kumanong'onezana kuti akwiya. Sanali okwiya, Bambo, anali atatheratu.

Koma pali munthu mmodzi amene akundisokonezera zonse, Nambala 17. Sabata yoyamba, kuchoka kunyumba kufika pa siteji ankatenga mphindi 12. Yachiwiri 16, yachitatu 20, yachinayi 25. Nyumba yake ikusuntha kodi? Kapena siteji ikumuthawa? Ndipo tsiku lililonse, kaya kwagwa mvula, kaya wadikira ola lathunthu, iye nkhope yake ndi yomwetulira. Munthu ameneyu akungolemba za m'mutu mwake, apo ayi amapatukira kwinakwake m'mawa kumene sakufuna kunena. Ndikaika manambala onse pa chithunzi chimodzi, anzake ali pamodzi, iye ali yekhayekha ngati ntchentche m'kapu ya tiyi.

Dzina lake sindikulifuna. Koma mukamuuze mosabisa mawu kuti awa si masewera. Ine kuno tulo ndinaiwala chifukwa cha ntchito imeneyi, wina n'kumaiseweretsa. Anthu akwathu ndi momwemo, chinthu cha mnzawo sachilabadira. Ngati watopa anene. Akapitiriza chonchi aphunzitsi andiuza kuti ndimuchotse, ndipo tanthauzo lake mukulidziwa. Ayende ngati munthu, alembe zoona.

Mayi Ruqayyah akuti uno ndi ulendo wawo womaliza mpaka mwezi wa Ramadani utatha, choncho mapepala otsatira muzisunga. Ndakutumizirani masokosi awiri ndi masamba a tiyi amene mumakonda aja. Tiwale mumuuze kuti foni imayankhidwa.

Mwana wanu,
Mirriam


Ntchisi
10 Malichi 2024

Amosi,

Moni tamva, ifenso tilipo. Mbewu zavuta, koma si zimene ndikulembera.

Kalata yako ndawerenga katatu, ndipo ulendo uliwonse ndikupezamo chitsiru chomwecho. Iwe unali wotero kuyambira uli mwana. Atate atakutuma kukalonda mapira kuti mbalame zisadye, unakhala m'mundamo mpaka malungo kukugwetsa, chifukwa sanakuuze nthawi yobwerera. Lero wamera imvi, ukulonda kabuku.

Dokotala wanena kuti mtima, iwe ukuti Epulo. Mtimawo unagwirizana nawo za Epulo? Ukuganiza kuti mwanayo atamuuza kuti asankhe pakati pa pepala ndi bambo ake angasankhe pepala? Kwera kabazayo. Pita kuchipatala, uzilemba mphindi khumi tsiku lililonse uli gone pa bedi, adzadziwa ndani? Yankho lako ndikulidziwa kale, uti pa nthawi sunama. Nthawi yakoyo idzabwera kudzakulira?

Alamu ako akuti ndiimbire Tiwale lero lomwe. Ndawaletsa chifukwa unandipempha, ndipo chiyambire sindinaululepo chinsinsi chako. Koma ndavomera monyinyirika, dziwa zimenezo. Pa 26 Epulo ndidzakwera ya m'mawa, ndidzagona kwanuko, ndipo pa 27 ndidzakutengera ndekha kuchipatala ngakhale pa wilibala. Ukaona kuti zafika poipa tsikulo lisanakwane, usadikire ine.

Mkulu wako,
Medson


Area 23, Lilongwe
17 Malichi 2024

Wokondedwa Mirriam,

Moni mwana wanga. Kuno tili bwino. Masokosi afika, ndi okongola, ndawasunga kuti ndidzavale tsiku la chipewa chako.

Za maola anayi zija ndawerenga kawiri. Ndinatenga pensulo n'kuphatikiza zaka zanga zonse za ku Kanengo, ndipo ndapeza kuti ndakhala pa siteji ndi m'minibasi zaka zitatu zathunthu, usana ndi usiku. Zaka zitatu, Mirriam. Iwe unayamba kuyenda ine ndili pa depoti. Tiwale anatchula "dadi" koyamba ine ndili pa mdipiti wa magalimoto pa mlatho, ndinangomva kwa amayi ako. Sindinkadziwa kuti zimenezi munthu angaziyeze. Ntchito yako ndi yabwino, usaisiye.

Nambala 17 ndalankhula naye monga unanenera, mosabisa mawu. Anamvetsera mutu uli pansi. Akuti ndikupepesere. Akuti sakuseweretsa ntchito yako, ndipo sapatukira kulikonse. Nthawi zimene amalembazo ndi zoona, ine ndingamuikire umboni. Kungoti ndi munthu wachikulire, miyendo siyenda ngati kale. Za nkhope akuti amachonga mmene akumvera akafika, ndipo sangachonge yolira pamene pali chimene chikumusangalatsa. Usamuchotse. Walonjeza kuti ayesetsa kufulumira.

Ine bambo ako,
Amosi Nkhoma

12 Epulo. Kalatayi yakhala pa tebulo pafupifupi mwezi kudikira Mayi Ruqayyah. Idi yadutsa, anatigawira mpunga ndi nyama, ndipo mawa akunyamuka. Ndaikamo mapepala a masabata asanu ndi limodzi. Uona kuti Nambala 17 anayesadi. Masiku atatu anatsitsa kufika pa 19. Kenako zinamukanika, manambala anakweranso, ndipo sabata ino wafika pa 44. Wachita manyazi kwambiri. Koma uyang'ane nthawi yofika ku ntchito. Sanachedwepo ngakhale tsiku limodzi, amangolawirira. Sanalumphenso tsiku. Akuti masabata awiri otsalawa sakhalanso pansi panjira, aziyenda osaima kuti manambala ake athere pabwino. Anthu ako onse makumi atatu alipo. Dzanja langa likaoneka lonjenjemera pa mapepala omalizawa, vuto ndi cholembera.


Johannesburg
16 Epulo 2024

Okondedwa Bambo,

Ndakuimbirani kanayi m'mawa uno, foni ikungoitana. Ndikudziwa kuti pa geti simuyankha, choncho ndikulemba mwachangu poti Mayi Ruqayyah akubwerera mawa. Mukaweruka ndiyesanso.

Envelopu ndinalandira dzulo. Lero ndimalowetsa manambala mu kompyuta, ndipo mnzanga wa mu ofesi, amene kale anali namwino, anaima kumbuyo kwanga. Ndinamuonetsa Nambala 17 kuti tiseke. Iye sanaseke. Anayendetsa chala pa mzerewo kuchoka pa 12 kufika pa 44, n'kundifunsa kuti munthuyu ali ndi zaka zingati. Anati mtunda ukakhala womwewo koma nthawi n'kumakwera chonchi sabata ndi sabata, si ulesi ndipo si bodza. Munthu ameneyu mpweya ukumuperewera. Akuti ungakhale mtima kapena mapapo, ndipo ayenera kuonana ndi dokotala sabata ino, osati mwezi wamawa.

Bambo, ndachita manyazi. Ndakhala ndi manambala a munthu wodwala m'manja mwanga mwezi ndi theka, ine n'kumamunyoza. Ndinawerenga mphindi zake zonse koma sindinafunse kuti zikukwereranji. Chonde mukangolandira kalatayi mupite kwawo. Mumuuze asiye zofulumirazo, azikhala pansi paliponse pamene wafuna. Kabuku akasiye. Anthu makumi awiri ndi asanu ndi anayi ndi okwanira. Zoti aphunzitsi adzakana kafukufuku zija ndinangokokomeza ine, kuti anthu asatayirire.

Ngati ali ndi ana, muwauze. Makolo ena amabisa, ana n'kudzamva mochedwa. Mumupepese m'malo mwanga, mumuuze kuti mwana wa a Nkhoma analankhula mopusa.

Inuyo muli bwanji? Dzanja lanu lasinthadi. Ndakugulirani zolembera zina, zili m'envelopu momwemo.

Mwana wanu,
Mirriam


Area 23, Lilongwe
12 Meyi 2024

Asisi,

Ndikhulupirira kuti munafika bwino. Sindikufunsani kuti muli bwanji chifukwa ndikudziwa, ndipo inunso musandifunse. Nkhani iyi ndayesa kawiri pa foni, mawu akukana kutuluka, ndiye ndalemba ngati mmene ankachitira eni ake.

Chichokereni inu maliro a Adadi atatha, ndakhala ndikulongedza m'nyumba muno. Lachitatu ndinapeza kalata ya ku kiliniki m'Baibulo la Adadi, ya mwezi wa Febuluwale, yowatumiza ku chipatala chachikulu. Sanapite. Ndinaimbira Bambo aakulu a Medson kuwafunsa ngati ankadziwa. Analira pa foni ngati mwana, kenako anandiuza zonse. Mukukumbuka pa maliro paja mutafunsa anthu kuti Nambala 17 ndi ndani, kuti athamangire kuchipatala? A Medson anadzuka n'kutuluka panja. Kabukuko ndakapeza m'thumba la jekete limene Adadi anavala tsiku limene anagwa panjira lija.

Asisi, Nambala 17 ndi Adadi.

Dzulo ndinayenda njira yawo kuchoka pakhomo mpaka pa siteji, foni ili m'manja. Teni minitsi ndendende, ndipo sindinathamange. Pobwerera ndinkaima n'kumafunsa. Mayi wa mandasi wa pakona anandionetsa chigubu chimene ankawasungira kuti azikhalira. A Jamal owotcherera zitsulo aja akuti popita ku mzikiti m'bandakucha ankawapeza atatsamira geti la shopu yawo, akupuma ngati athamanga. Wa kabaza akuti anawapempha mpaka kutopa kuti aziwanyamula ulere, iwo n'kumati, "Ndinalemba kuti wapansi, zisokoneza sukulu ya mwana." Msewu wonse unkadziwa, asisi. Osadziwa tinali awiri, ine ndi inu.

Mayi wa mandasi akuti Lolemba lomaliza lija anadutsa osakhala. Anawaitana kuti, "Abambo, chigubu chanu ichi," iwo anangokweza dzanja n'kuloza wotchi. Lachiwiri chimodzimodzi. Anakagwera pa kiyosiki ya madzi, siteji ikuonekera.

Kalata yanu ya pa 16 Epulo Mayi Ruqayyah anandipatsa tsiku loika maliro, ndinangoiponya m'chikwama. Ndaiwerenga Lachinayi. Munailemba tsiku lomwe anagwa. Pamene munkaimba kanayi paja foni inali m'thumba mwawo kuchipatala, iwo atatisiya kale. Ya Malichi ndaipezanso, ija munati ayende ngati munthu. Anaipinda n'kuitambasula mpaka yang'ambika m'mipindo.

Ndinakukwiyirani masiku awiri, sindibisa. Kenako ndinadzifunsa kuti nanga ine ndinali kuti. Malamlungu asanu ndi limodzi osaponda pakhomo pano. Ndinkati transipoti yavuta, ndatopa, ndichape kaye, ndipita sabata yamawa. Inu munali ku Joni. Ine ndinali minibasi ziwiri zokha. Nsapato anazing'amba kuchidendene, ine osaona. Masokosi anu akadali m'pepala lake.

Anthu ena makumi awiri ndi asanu ndi anayi aja anamaliza kulemba, ndipo abweretsa okha timabuku tawo. Akuti a Nkhoma anati asalumphe tsiku. Ndatumiza tonse. Sukulu musasiye. Mukasiya ndiye kuti anayenda ulendo wonsewo pachabe, ndipo pamenepo ndiye sindidzakukhululukirani.

Kabuku ka Adadi ndakaika pamwamba. Mutsegule pa 16 Epulo. Nthawi yotuluka m'nyumba analemba, 5:05. Mizere itatu inayo ilibe kanthu. Koma nkhope ndi yochonga kale. Ndinatsegula tsamba lotsatira, ndi linalo, mpaka pa 26 Epulo. Nthawi palibe, poti pa nthawi sankanama. Nkhope zokha anachongeratu zonse, mwina ataona kuti dzanja likuwathera mphamvu. Masiku asanu ndi anayi amene sanafike ku ntchito, onsewo akumwetulira.

Inu ndi amene munaphunzira zoyeza anthu. Mundiuze kuti zimenezi muzilemba bwanji.

Mng'ono wanu,
Tiwale